Wansembe wa ku St Albans amene ankabetcha pa kiriketi

M'bale wina amene akukonzekera maphunziro a ubusa wandilembera imelo kufunsa ngati asiye masewera amene amawakonda, popeza akuluakulu a mpingo amuuza kuti bwalo la masewera si malo a mtumiki wa Mulungu, chonsecho iye anamva kuti ku England ansembe ambiri ankasewera kiriketi, masewera omenya kampira ndi thabwa, m'zaka za m'ma 1800. Zimene munamvazo ndi zoona, m'bale wanga, koma musanakazinene pamaso pa akuluakuluwo, ndi bwino mumudziwe wansembe amene anatchuka koposa onse pa masewerawa.

Dzina lake linali Lord Frederick Beauclerk. Anabadwa mu 1773 m'banja lolemekezeka la Duke wachisanu wa St Albans, lomwe linachokera kwa Mfumu Charles II. M'mabanja otere chuma ndi minda zinkagwera mwana wamwamuna woyamba, ndipo ang'ono ake ankawapezera malo ku usilikali kapena ku mpingo. Motero Beauclerk, ataphunzira ku Trinity College ku Cambridge, analowa unsembe wa mpingo wa Anglican, ndipo kuyambira 1828 mpaka imfa yake mu 1850 ankayang'anira tchalitchi cha St Michael's ku St Albans. Mtima wake wonse unali pa bwalo la Lord's ku London, kumene anasewera zaka zoposa 30 nadzakhala pulezidenti wa Marylebone Cricket Club, kalabu ya kiriketi ya pa bwalolo, mu 1826. Luso anali nalo ndithu, pa kumenya mpira ndi pa kuponya pomwe.

Iye ankawerengedwa m'gulu la mabwana osewera popanda malipiro, lomwe linkadziona kuti ndi lapamwamba kuposa anthu wamba olembedwa ntchito yosewera. Komabe zimanenedwa kuti ankadzitama kuti amapeza ndalama za guinea 600 pa chaka pobetcha pa masewerawa. Mu 1810 iye ndi wosewera mnzake T. C. Howard anapangana kupikisana ndi osewera ena awiri, George Osbaldeston ndi William Lambert. Osbaldeston atadwala, Beauclerk anakana kusintha tsiku, ndipo Lambert, amene kiriketi inali ntchito yake yodyera, analimbana nawo yekha awiriwo. Podziwa kuti bwanayo ndi wa mtima wapachala, Lambert ankaponyera dala mpira kutali mpaka Beauclerk anapsa mtima n'kugonja ndi mapointi 15. Mu 1817, chaka chomwe Lambert anakhala munthu woyamba kupeza mapointi oposa 100 kawiri m'masewera amodzi, anaimbidwa mlandu wogulitsa masewera a ku Nottingham naletsedwa kusewera pa Lord's moyo wake wonse, ndipo Beauclerk ndiye anali patsogolo pa chigamulocho.

Nkhani imeneyi imandiwawa chifukwa inenso ndinauzidwa mawu amene mwauzidwawa. Ndili mnyamata ndinkaphunzitsa ana Sande sukulu, ndipo madzulo ndinkasewera mpira wamiyendo ndi anzanga a m'dera lathu. Mkulu wina wa mpingo anandiitana kunyumba kwake nandiuza kuti ndisankhe chimodzi, pakuti wogwira Baibulo sayenera kuonedwa atavala kabudula akuthamangitsa chikopa. Ndinamvera monga mwana wolemekeza akulu. Anyamata amene ankabwera ku tchalitchi chifukwa tinkabwerera limodzi kuchokera ku bwalo anayamba kujomba, ndipo ena sanabwererenso, pakuti panalibenso wina wa ku mpingo amene ankakhala nawo pafupi mkati mwa sabata. Palibe mkulu amene anafunsa kumene anyamatawo anapita. Pa zaka zomwezo ndinkaona mikangano ya maudindo ndi ya zopereka ikugawa anthu akuluakulu amene mpira sanaugwirepo, ndipo palibe amene anauzidwa kuti asankhe chimodzi.

Ndikunena mosabisa kuti akuluakulu anu akulakwitsa. Chimene chinaipitsa mbiri ya Beauclerk ndi juga, kusunga mangawa, ndi kugwiritsa ntchito udindo popondereza munthu wosauka amene anamuposa luso, ndipo zonsezi munthu angazichite ngakhale asanaponde pa bwalo. Osbaldeston nayenso atatuluka m'kalabu ya Marylebone mokwiya mu 1818, anapempha kubwerera, koma wansembeyo, amene ntchito yake inali kulalikira chikhululukiro, anamutsekera khomo. Taonani kusiyana kwake ndi Vernon Royle, wobadwa mu 1854, amene anasewerera Lancashire, nasewerera England ku Melbourne mu 1879, kenaka n'kukhala wansembe ndi mphunzitsi wa ana mpaka kudzatsogolera sukulu ya Stanmore Park. Masewera anali omwewo, koma iye anawatengera kwa ana asukulu.

Nanga inu muchite chiyani?

Musasiye kusewera. Musabetche ngakhale kandalama kochepa, musalole masewera akulandeni nthawi ya mapemphero kapena yoyendera odwala, ndipo ngati muona kuti kugonja kumakusungitsani chakukhosi, pumani kaye. Kwa akuluakuluwo pitani mwaulemu, muwauze masiku amene mumasewera ndi anthu amene mumasewera nawo, ndipo mupemphe mmodzi wa iwo adzakuonereni tsiku lina.