Za chikondwerero cha Idi chimene mukufuna kuyambitsa

Wa alaikum salaam, achimwene. Mwafunsa kuti mungayambe bwanji chikondwerero cha Asilamu choti Akhristu ndi anthu a mitundu ina azibwerako momasuka, komanso ngati ndi bwino kubwereka malo ku Showgrounds, bwalo la zionetsero la mu Lusaka. Za Showgrounds zisiyeni kaye. Yambirani m'komboni mwanu momwemo, momwe anthu amakudziwani kale.

Ife tinayesapo ku Kanyama, komboni ya mu Lusaka. Chaka choyamba tinalakwitsa zedi. Tinakonza zonse tokha Asilamu, aneba tinangowaitana ngati alendo, kenako olankhula asanu n'kumalandirana maikolofoni mpaka dzuwa kupendeka. Anthu anakhala pamipando mwaulemu, atadya anatsanzika, basi. Mayi wina wa mvano anandiuza mawa lake pampopi kuti ankayesa tikufuna kuwatembenuza. Sindinawadzudzule. Dziko lino la Zambia pulezidenti Chiluba analilengeza kuti ndi la Chikhristu mu 1991, ife ndife ochepa, ndipo ambiri sanapondepo mumzikiti. Munthu akamva kuti Asilamu akuitana, amayamba wafunsa kaye kuti kuli chiyani.

Chaka chotsatira tinawalowetsa mukomiti amayi a mvano omwewo pamodzi ndi abusa awo. Kukhitchini ndiye kunachitika zinthu. Nyama yokha ndiyo tinapempha kuti izingidwe ndi Msilamu, zina zonse aliyense ndi luso lake. Amayi a Chisomali a ku Chaisa anabwera ndi mpunga wawo umene amadyera limodzi ndi nthochi yakupsa, ana n'kumaseka, koma mphika unatha. Amwenye a ku Kamwala anatumiza samusa, Abemba chikanda, ife nsima ndi mbuzi. Anyamata a Chiyao atayamba sikiri, gule wawo wa Chisilamu, akwaya nawonso anati tipatseni mpata tiimbeko. Mawu a Kaunda aja, One Zambia One Nation, tsiku limenelo palibe anawatchula pamaikolofoni, anthu anali kalikiliki kupatsirana mbale.

Tsiku musankhe mwanzeru. Ine ndikanasankha Idi ya nsembe, chifukwa nyama ya nsembeyo, imene timaitcha kurubani, timaigawa kale patatu, ina yapabanja, ina ya abale ndi aneba, ina ya osowa, ndiye simukuyamba chachilendo. Kumbukiraninso kuti kalendala yathu imabwerera m'mbuyo pafupifupi masiku 11 chaka ndi chaka, moti Idi yomasula Ramadani panopa ikugwera m'nyengo ya mvula. Amene amadziwa mmene madzi amasefukira ku Kanyama mu Febuluwale akundimva. Ndipo musachite pa tsiku la Idi lenilenilo, anthu amakhala ndi mabanja awo. Loweruka lotsatira ndi bwino, ngakhale a Sabata adzafika dzuwa litalowa.

Apolisi adziwitseni nthawi ikadalipo, khansala wa dera lanu mumuonenso. Za mowa nenani poyera pachiyambi kuti kulibe, anthu amamva. Ashehe apatseni mphindi zisanu za dua (pemphero lathu la Chisilamu), abusa zisanu za pemphero, ndipo wogwira wotchi akhale munthu wosachita manyazi ndi akuluakulu. Mukafuna mapoto aakulu mundiuze, athu akungokhala kumzikiti.