Dizilo ya banja ku Scotland: yankho kwa achemwali a ku Paisley

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina wa kwathu amene akukhala ku Paisley, pafupi ndi Glasgow. Ndaifupikitsa. Amagwira ntchito yosamalira okalamba m'nyumba zawo, ndiye tsiku lonse amangodumphadumpha kuchoka pakhomo lina kupita pa lina, maulendo a mphindi zochepa. Ana alipo atatu, awiri akadali a pampando wa ana. Amuna awo apeza galimoto yaikulu ya dizilo ya chaka cha 2013, yokoka ndi matayala onse anayi, pamtengo wabwino, ndipo akuti ndi yokhayo imene ingalimbe m'nyengo yozizira. Mayiwa akufunsa kuti agule kodi.

Achemwali, musagule. Ndifotokoza bwino kuti alamu anga asaone ngati ndikuwatsutsa dala, chifukwa maganizo awo ali ndi pochokera. Tonse tinakula tikuona Hilux, Land Cruiser ndi maminibasi a Hiace akupirira misewu ya kumudzi zaka ndi zaka. Injini zimenezo zinali zosavuta: utsi wakuda ukatuluka unkangopita. Dizilo za kuno ndi mtundu wina. Kuyambira pamalamulo ochepetsa utsi wa magalimoto otchedwa Euro 5, amene anayamba mu 2009, pafupifupi galimoto iliyonse ya dizilo ili ndi sefa ya mwaye mupaipi ya utsi, imene amaitchula kuti DPF. Sefayi imagwira mwaye kuti usapite m'mapapo a anthu, ndipo ikadzaza, galimoto imautentha yokha pakutentha kwa madigiri pafupifupi 600. Kuti zimenezi zitheke injini iyenera kukhala itatentha bwino, galimoto ikuthamanga mosaimaima kwa mphindi khumi kapena kuposerapo, liwiro lopitirira mamailosi 40 pa ola.

Tsopano taganizirani tsiku lanu la ntchito mu Januwale. Mwaliza galimoto kuli chisanu, mwayenda pang'ono, mwazimitsa, mwalowa kwa agogo oyamba. Mukamatuluka injini yazizira kale. Mukatero tsiku lonse, sefa ija sipeza mpata wodziyeretsa. Choipitsitsa n'chakuti galimoto ikayamba kutentha mwaye inu n'kuzimitsa pakati, dizilo wowonjezera amene imapopera amatha kutsikira mu oyilo wa injini n'kumusungunula. Poyamba kamayaka kanyale ka chenjezo, kenako galimoto imakana kuthamanga, mapeto ake muli ku galaja. Kusintha sefa kumadutsa £1,000 kawirikawiri. Ndipo wina akadzakuuzani kuti pali makaniko amene amangoichotsa, mukane. Kuyambira mu February 2014 galimoto yochotsedwa sefa imalephera MOT, mayeso a chaka ndi chaka oona ngati galimoto ili yoyenera kuyenda pamsewu, ndipo kuyenda nayo pamsewu ndi mlandu.

Palinso chifukwa chimene galimotoyo yatsikira mtengo, ndipo wogulitsa sangayambe ndiye kukuuzani. Dizilo ya 2013 pafupifupi nthawi zonse imakhala ya Euro 5. Pakati pa mzinda wa Glasgow, kuyambira pa 1 June 2023, dizilo yosafika Euro 6 siloledwa kulowa. Euro 6 kwenikweni ndi magalimoto olembetsedwa kuyambira September 2015. Ku London munthu amalipira £12.50 patsiku n'kulowa, ku Birmingham £8, koma ku Scotland kulibe kulipira kuti ulowe. Makamera akakujambula, chindapusa ndi £60, ndipo ukabwereza posachedwa chimawirikiza mpaka kufika £480. Edinburgh, Aberdeen ndi Dundee nawo anayamba kulanga mu 2024. Kwa petulo lamulo ndi lofewa, Euro 4 ikwanira, kutanthauza magalimoto ambiri a kuyambira 2006. Inu mukukhala pamphuno pa Glasgow. Tsiku lina mudzafuna kulowa m'tauni ndi ana, kapena abwana adzakupatsani nyumba ya mkati mwa malirewo.

Sindikunyoza dizilo. Munthu amene tsiku lililonse amayenda mtunda wautali pamisewu ikuluikulu ngati M8 kapena M74, kapena amakoka ngolo yolemera, dizilo ya Euro 6 imamutumikira bwino, imamwa mafuta pang'ono ndipo sefa yake imadziyeretsa iye osadziwa n'komwe. Ngakhale mantha akuti dizilo amaundana m'thanki si aakulu kuno. N'zoona kuti kukazizira kwambiri phula la mu dizilo limayamba kugwirana n'kutseka fyuluta ya mafuta, koma kuyambira pakati pa November mpaka pakati pa March malo omwetsera mafuta amagulitsa dizilo wa nyengo yozizira, wopirira mpaka madigiri 15 pansi pa ziro. Ku Paisley sikufika pamenepo kawirikawiri. Zimene zimavutitsa m'mawa ndi batire lotopa ndi ma glow plug (tizipangizo totenthetsa m'kati mwa injini poliza) akufa, chifukwa dizilo imafuna mphamvu zambiri kuti ilire. Imachedwanso kutenthetsa m'kati, moti paulendo waufupi wopita kusukulu ana amakafika akadali kunjenjemera.

Pa nkhani ya matayala onse anayi ndi pamene ndikufuna alamu amve bwino, chifukwa apa pali moyo wa ana. Kukoka ndi matayala anayi kumathandiza kunyamuka ndi kukwera chitunda. Sikuthandiza kuima. Galimoto iliyonse, yaing'ono ndi yaikulu yomwe, imagwira mabuleki ndi matayala anayi, ndipo yolemera ndi imene imavuta kuimitsa ikayamba kutsetsereka. Buku la malamulo a pamsewu la kuno, Highway Code, limanena kuti pamsewu wa ayezi mtunda woimira ukhoza kutalika kakhumi kuposa pamsewu wouma. Amene anayendetsapo pa dothi la makande mvula itangogwa akudziwa mmene chiwongolero chimapepukira m'manja galimoto ikupita kumene ikufuna yokha. Ayezi amachita chimodzimodzi, kungoti iye nthawi zambiri saoneka, msewu umangooneka ngati wanyowa.

Chimene chimagwira msewu ndi labala ya tayala. Matayala wamba amene magalimoto ambiri kuno amagulitsidwa nawo ndi a nyengo yotentha, ndipo kukazizira kutsika pansi pa madigiri 7 labala yake imauma n'kuchepa mphamvu yogwira. Ku Britain lamulo silikakamiza matayala a chisanu, ndiye anthu ambiri sawaganizira. Kumadzulo kwa Scotland chipale chofewa sichikhalitsa, chochuluka ndi mvula yozizira ndi ayezi wa m'mamawa, choncho ine ndingasankhe matayala a nyengo zonse, monga Michelin CrossClimate kapena Goodyear Vector 4Seasons. Muyang'ane m'mbali mwa tayala chizindikiro cha phiri la nsonga zitatu lokhala ndi kachipale pakati. Muike onse anayi, osati awiri a kutsogolo okha, kuopa kumbuyo kungakupotokereni pakona. Lamulo limalola mizere ya tayala kutha mpaka 1.6mm, koma m'nyengo yozizira musadikire kufika pamenepo, 3mm ikhale malire anu. Inu makamaka mumayenda m'timisewu ta m'kati mwa nyumba m'mamawa, kumene magalimoto a khonsolo othira mchere amafika mochedwa kapena osafika n'komwe.

Nanga mugule chiyani? Ya petulo, kapena hybrid, yoyendera petulo ndi magetsi pamodzi, ngati thumba lilola. Hybrid ya Toyota imakonda ndendende maulendo anu a imaima, ilibe sefa ya DPF ija, ndipo ndi otomatiki. Koma ndi ana atatu, chimene chidzasankhe galimoto ndi mpando wa kumbuyo. Mwana ayenera kukhala pampando wake mpaka atakwana zaka 12 kapena kutalika 135cm, chimene chayamba kukwana. Magalimoto ambiri ooneka aakulu kunja, pakati pake kumbuyo ndi popanikiza, ndipo mipando iwiri ya ana ikalowa wachitatu amasowa pomangira lamba. Volkswagen Touran ndi Ford S-Max zili ndi mipando itatu yosiyana pamzere wapakati, ngakhale zambiri pamsika ndi za dizilo ndipo ya petulo muyenera kuisaka modekha. Skoda Octavia ya estate ndi Toyota Corolla Touring Sports zili ndi buti yaikulu, koma kumbuyo kwake muyese kaye. Popita kukaona galimoto munyamule mipando ya anayo, mukaimange pomwepo wogulitsa akuona. Palibe manyazi pamenepo.

Musanapereke ndalama, lembani nambala ya galimoto pa webusaiti ya boma ya gov.uk. Mbiri yonse ya MOT imaoneka kwaulere, ndi mamailosi a chaka chilichonse ndi zimene anachenjeza. Muwerenge makamaka za dzimbiri pansi, chifukwa mchere wa m'misewu ya kuno umadya chitsulo. Mufunsenso mtengo wa inshulansi galimoto musanaigule, ndipo muwauze kuti mumayendera makasitomala, popeza inshulansi yongopita ndi kubwera kuntchito siikuta maulendo otere. Ngati mukadali pa laisensi ya ku Malawi, imagwira miyezi 12 yokha kuchokera pamene munayamba kukhala kuno, ndipo siisinthidwa ngati ya ku Zimbabwe kapena South Africa, muyenera kulemba mayeso. Ngati simunalembetse, yambani ndi zimenezo sabata ino, chifukwa malo a mayeso oyendetsa amadzaza miyezi ingapo kutsogolo.