Kodi wa jogalafe anapulumutsapo ndani?

Sabata yatha mayi wina ananditumizira imelo. Mwana wawo wamkazi wasankhidwa kukaphunzira jogalafe ku yunivesite, pamene iwo mtima unali pa udokotala kapena unamwino. Mwanayo akuti jogalafe nayonso imalimbana ndi matenda, ndiye mayiwo akufunsa kuti: "Kodi akungondiuza zimenezi kuti mtima wanga ukhale pansi? Munthu wa mapu anapulumutsapo ndani?"

Mayi, mwana wanu sakukunamizani. Ndikufotokozereni za Assaf Anyamba, katswiri wa jogalafe wochokera ku Kenya, yemwe anagwira ntchito zaka zambiri pa malo a kafukufuku a NASA, bungwe lofufuza za mlengalenga, otchedwa Goddard ku America.

Matenda amene iye anawalondola ndi Rift Valley fever. Anadziwika koyamba mu 1931 atapha nkhosa pa famu ina pafupi ndi nyanja ya Naivasha ku Kenya. Amagwira nkhosa, mbuzi, ng'ombe ndi ngamila. Ziweto za bere zimapoloza nthawi imodzi, ana a nkhosa amafa ambirimbiri, ndipo munthu amawatenga makamaka akamapha kapena kusenda nyama yodwala, kapena akamathandiza chiweto pobereka.

Kachilomboka kamabisala kuti zaka zonse zimene matendawa ali zii? M'mazira a udzudzu wa mtundu wa Aedes, okwiririka m'dothi la m'madambo ouma. Chimene chimandisangalatsa n'chakuti akatswiri polemba za malo amenewa m'Chingerezi amagwiritsa ntchito mawu athu omwewa akuti "dambo". Mvula ikagwa yambiri mpaka madzi kukhazikika m'dambomo kwa masabata angapo, mazira aja amaswa, udzudzu n'kutuluka uli kale ndi kachilombo. Ukaluma ziweto, mitundu ina ya udzudzu monga Culex imatolera kachilomboko n'kukafalitsa kutali.

Apa ndi pamene wa jogalafe amalowera. Anyamba ndi anzake, pakati pawo katswiri wa udzudzu Kenneth Linthicum, anaona kuti madzi a nyanja ya Pacific akatentha pa nthawi ya El Niño, nawonso a kumadzulo kwa Indian Ocean n'kutentha, kum'mawa kwa Africa kumagwa mvula yopyola muyeso kuyambira Okutobala mpaka Disembala. (Ife kuno El Niño timamudziwa ndi ng'amba, makamaka kumwera, koma kwa anzathuwo amabwera ndi madzi.) Pa zithunzi za setilaiti amatha kuyeza mmene dera louma labiriwirira, ndipo kubiriwira kosazolowereka kwa miyezi ingapo kumasonyeza kumene madambo adzaza. Njira imeneyi anaisindikiza mu 1999, mliri waukulu wa 1997 ndi 1998 utangodutsa.

Mayeso enieni anabwera mu 2006. Chenjezo lochokera pa njira imeneyi loti mliri ukhoza kubuka linatuluka mu Novembala, ndipo FAO, bungwe la United Nations loona za chakudya ndi ulimi, linalifalitsa. Mu Disembala anatsimikiza kuti anthu ayamba kudwala ku Garissa, kumpoto chakum'mawa kwa Kenya, kenako mliri unafika ku Somalia ndi Tanzania. Malinga ndi dera, chenjezo linatsogola ndi masabata 2 mpaka 6. Boma la Kenya linaletsa kupha ndi kusamutsa ziweto m'madera okhudzidwa, pa nthawi imene Asilamu ambiri kumeneko ankakonzekera kuzinga nyama za Eid.

Koma mayi, sindikufuna kukugulitsani mphaka m'thumba. Ngakhale panali chenjezo, WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, linawerenga odwala 684 ku Kenya, ndipo 155 mwa iwo anamwalira. Ofufuza amene pambuyo pake anakakhala pansi ndi abusa a ziweto m'deralo anamva kuti abusawo anali ataona kale udzudzu wochuluka ndi ziweto zikupoloza, nkhani isanafike m'maofesi. Katemera wa ziweto alipo, koma amafunika kubaya mliri usanayambe. Ukayamba, singano yomweyo ikhoza kusamutsa kachilombo kuchoka pa chiweto china kupita pa china. Ndiye masabata 6 ndi ochepa kwambiri ngati katemera sanagulidwe, misewu yadulidwa ndi madzi, ndipo alangizi a ziweto alibe mafuta a njinga yamoto.

Mwandifunsa kuti anapulumutsa ndani. Dzina sindingakupatseni, chifukwa ntchito ya mtundu uwu ikayenda bwino, munthu wopulumukayo sadziwa n'komwe kuti anali pa ngozi. Dokotala amaona wodwala wake akudzuka pabedi. Wa jogalafe amapereka masabata oti ena akonzekere, ndipo ine ndimawerengera phindu la kafukufuku wake pa masabata amenewo, osati pa kuchuluka kwa zimene wasindikiza. Musaiwalenso za chuma. Mliri wa 1997 ndi 1998 utabuka, Saudi Arabia inaletsa kugula ziweto zochokera ku Somalia ndi mayiko oyandikana nayo, ndipo inaletsanso mu 2000 matendawa atawolokera ku Saudi komweko ndi ku Yemen. Mabanja amene moyo wawo wonse uli pa mbuzi ndi nkhosa anasowa pogulitsa.

Kwa mwana wanu ndinganene izi. Asathawe masamu, chifukwa popanda luso la chiwerengero mapu amakhala chithunzi chokongola basi. Aphunzire GIS (njira yopangira ndi kusanthula mapu pa kompyuta) ndi kawerengedwe ka zithunzi za setilaiti mpaka zimulowe m'magazi. Ndipo pa tchuthi asamangokhala pa kompyuta: apemphe kuyenda ndi mlangizi wa zaumoyo kapena wa ziweto m'dera lanu, aone mmene lipoti la matenda limalembedwera, amene amalinyamula, ndi masiku amene limatenga kuti lichoke kumudzi kukafika kuboma.