Steve Yzerman: katswiri wa pa ayezi, nanga mu ofesi?

Mmodzi wa awerengi athu amene akukhala ku Windsor, m'dziko la Canada, wanditumizira imelo. Akuti kuntchito kwawo nthawi yopuma anzawo sakamba china koma Steve Yzerman, ena akumuikira kumbuyo, ena akuti achoke. Funso lawo ndi loti: munthuyu ndi ndani, ndipo ngati anali katswiri chotere pa masewera a hockey ya pa ayezi, bwanji timu imene akuyendetsa ikungovutika?

Zikomo achimwene. Mkanganowo simungauthawe, chifukwa Detroit ili kutsidya kwa mtsinje kuchokera kumene muliko, ndipo Yzerman ndi mwana wokondedwa wa mzindawo.

Anabadwa mu 1965 ku Cranbrook, British Columbia. Timu ya Detroit Red Wings inamusankha mu 1983 ali ndi zaka 18, ndipo mu 1986 anamupatsa ukaputeni ali ndi zaka 21 zokha. Udindowu anakhala nawo mpaka pamene anasiya kusewera mu 2006, osasinthako timu. Masiku oyambawo ankamwetsa zigoli ngati alibe mawa. Mu sizoni ya 1988-89 anagoletsa 65 ndi kuthandizira zina 90, zonse pamodzi mapointi 155. Koma chikho cha Stanley Cup, chimene matimu onse a NHL, ligi yaikulu ya hockey ku America ndi Canada, amalimbirana, sichinkabwera.

Zinasintha atafika mphunzitsi Scotty Bowman mu 1993. Bowman anafuna kuti kaputeni wakeyo azibwerera kumbuyo kukatchinga, azigwira ntchito zosaombeledwa m'manja, ngakhale zigoli zake zichepe. Sizinayende mophweka, mpaka panamveka mphekesera zoti amugulitsa ku Ottawa. Yzerman anagonjera, ndipo mu 1997 Detroit inatenga chikho patatha zaka 42. Anachitenganso mu 1998 ndi mu 2002, ulendo wotsirizawu akusewera ndi bondo lowonongeka kwambiri limene analichita opaleshoni sizoni itatha. Anapuma ali ndi zigoli 692 ndi mapointi 1,755.

Tsopano ku funso lanu lenileni. Yzerman si mphunzitsi ayi. Ndi general manager, bwana amene amalemba ndi kuchotsa mphunzitsi, kusankha anyamata atsopano chaka ndi chaka, kusinthanitsa osewera ndi matimu ena, ndi kukambirana makontrakiti. Kuyambira mu 2005 NHL inaika malire a ndalama zimene timu iliyonse ingalipire osewera ake onse, choncho ngakhale mwini timu akhale mpondamatiki, sangangogula aliyense. Ukalipira mochuluka munthu mmodzi wolakwika, wadzimanga kwa zaka zingapo. Ntchito imeneyi siifuna miyendo. Wayne Gretzky, amene palibe anamuposa pa mapointi, anaphunzitsa Phoenix Coyotes kuyambira 2005 mpaka 2009 osafika nayo ngakhale kamodzi mu ma playoffs, ndime ya kumapeto kwa sizoni imene matimu 16 amalimbirana chikho.

Chimene ndimamulemekezera Yzerman n'chakuti sanathamangire mpando. Atasiya kusewera anakhala zaka zinayi mu ofesi ya Red Wings ngati wachiwiri kwa pulezidenti, kuphunzira ntchito pafupi ndi Ken Holland amene anali general manager. Analinso wosankha timu ya dziko la Canada, imene inapata golide pa Olympics ya ku Vancouver mu 2010 ndi ya ku Sochi mu 2014. Ataona kuti mpando wa Holland sutseguka msanga, mu 2010 anapita ku Tampa Bay Lightning, ku Florida.

Kumeneko ndi kumene anaonetsa diso. Nikita Kucherov anamutenga mu 2011 pa nambala 58 pamene matimu ankasankha anyamata atsopano motsatizana, kutanthauza kuti matimu ena anamudutsa osamuona. Brayden Point anamutola mu 2014 pa nambala 79, goloboyi Andrei Vasilevskiy mu 2012. Mu 2013 anakweza Jon Cooper kukhala mphunzitsi, munthu amene sanasewerepo mu NHL. Anaonetsanso kuuma mtima kumene ntchitoyi imafuna: posankha timu ya Canada ya 2014 poyamba anamusiya Martin St. Louis, kaputeni wa timu yake yomwe ya Tampa. St. Louis anapita ku Sochi pambuyo pake m'malo mwa Steven Stamkos amene anavulala, koma ubale unali utasokonekera. Anapempha kuchoka ndipo anagulitsidwa ku New York Rangers. Tampa inafikabe mu fainolo mu 2015, n'kugonja kwa Chicago. Yzerman anatula pansi udindo mu 2018, ndipo pamene timuyi inkatenga chikho mu 2020 ndi 2021, pampando panali Julien BriseBois. Komabe mizati yambiri ya nyumbayo anazika ndi Yzerman.

Anabwerera ku Detroit mu April 2019, n'kupeza timu yokalamba, yomangidwa ndi makontrakiti olemera. Apa anzanu omuikira kumbuyo ali ndi mfundo. Ku Tampa anapeza Stamkos ndi Victor Hedman alipo kale, pomwe ku Detroit anayamba pafupifupi wopanda kanthu. Anasankha bwino Moritz Seider wa ku Germany mu 2019, anthu ambiri akudabwa, ndipo mnyamatayo anakhala wosewera watsopano wopambana onse mu 2022. Lucas Raymond wa ku Sweden, wa mu 2020, nayenso wakhwima.

Koma ofuna kuti achoke sakubwebweta. Detroit inaloŵa ma playoffs masizoni 25 otsatizana kufikira 2016, ndipo kuyambira pamenepo mpaka sizoni ya 2024-25 sinapondeko. Mu 2024 inafanana mapointi a mu ligi ndi Washington, 91 aliyense, n'kutsalira pa malamulo olekanitsa. Ine ndikuona kuti posankha achinyamata Yzerman akadali ndi diso, koma pogula osewera okhwima kale waponya ndalama zambiri pa anthu apakatikati amene sasintha masewera. Ndipo bwana wina wopanda dzina ngati la Yzerman, amene nambala yake 19 inapachikidwa m'denga la bwalo la timuyi pomulemekeza, sakanapatsidwa nthawi yaitali chonchi. Mu December 2024 anachotsa mphunzitsi Derek Lalonde, amene anamulemba yekha mu 2022, n'kuika Todd McLellan. Timu ikapitiriza kulephera, wofunsidwa ndi eni ake, a banja la Ilitch, adzakhala Yzerman mwini.