Pulesha ya boyila ikungotsika, kodi paipi yabooka pansi pa nyumba?

Funso: Achimwene, ife tili ku Leeds, nyumba tinagula chaka chatha ndipo boyila yake ndi combi ya Vaillant. Chiyambireni kuzizira ikumangolemba F22 kenako nkuzima. Ndikathira madzi imayaka bwinobwino koma pakangodutsa masiku awiri muvi wapa geji uja wagweranso pa 0. Madzi sindikuwaona pena paliponse mnyumba muno. Mnzawo wa abambo akunyumba kuno akuti paipi yabooka pansi, akufuna abwere Loweruka adzaswe pansi pabalaza. Timulole?

Ayi achemwali, musamulole kaye. Mwina akunena zoona, paipi itha kukhaladi kuti yabooka pansi, koma pakadali pano palibe amene ali ndi umboni, ndipo pansi pa nyumba mukaswa mwaswa basi, ndalama yobwezeretsa laminate kapena matailosi nthawi zambiri imaposa ya paipi yeniyeniyo kutalitali. Nyumba zambiri zomwe eni ake amachita kulumbira kuti vuto lili pansi, ife tikafika timakapeza kuti lili mu boyila momwemo kapena pa valavu ya radiator, poonekera penipeni.

F22 pa Vaillant ikungotanthauza kuti madzi achepa, pulesha yatsika, nde boyila yadziteteza kuti isapse. Maboyila a Ideal amalemba F1, a Baxi E119, nkhani yake ndi yomweyo. Madzi a ma radiator pa combi, boyila yotenthetsa nyumba ndi madzi a pampopi popanda thanki, amakhala otsekeredwa, amangozungulira omwewo, akakhala ozizira muvi umayenera kukhala pakati pa 1 ndi 1.5 bar, akatentha umakwera pang'ono kufika cha mma 2. Ndipo musadabwe kuti madzi simukuwaona. Kuti muvi uchoke pa 1.5 kufika pansi pamangofunika malita awiri atatu okha, nde agaweni pa masiku awiri, ndi timadontho chabe, pomwe paipiyo ndi yotentha, ena amauma asanafike nkomwe pa kapeti.

Yambani panja. Kuseri kwa khoma lomwe kuli boyila mupeza kapaipi kakafupi ka kopa kopindikira kukhoma. Kameneko kamachokera pa valavu yotulutsa madzi pulesha ikafika 3 bar. Mangiriranipo kajumbo kapena kabotolo, musiye tsiku lathunthu heating ikugwira ntchito mwa masiku onse. Mukapezamo madzi, wakuba wanu ndi ameneyo, pansi pabalaza palibe mlandu. Kawirikawiri chimayambitsa ndi expansion vessel, kathanki kofiira kapena kotuwa kamkati mwa boyila kokhala ndi mpweya mbali ina, valavu yake ngati ya tayala la galimoto. Mpweya uja ukatha madzi akatentha amasowa kofutukukira, pulesha imathamangira ku 3, valavu nkutsegula nkutaya madzi panja, zikazizira muvi uli pa 0. Nde yatsani heating muyime pa geji kwa mphindi 20 kapena 30 muone, ngati muvi ukukwera mothamanga kupita kofiira mwalipeza vuto. Palinso paipi ya pulasitiki yoyera yotaya timadzi ta condensate, tochokera mu utsi wa boyila, imeneyo imadontha boyila ikamayaka, koma ikamadonthabe boyila itazima kwa maola ambiri ndiye kuti heat exchanger, chitsulo chomwe moto umatenthetseramo madzi, yang'aluka mkati.

Kenako zungulirani ma radiator onse ali ozizira, mutenge tishu muzipukuta pa mavalavu a mbali zonse ndi pomwe paipi ikulowera pansi. Ndikuti ozizira chifukwa akatentha zitsulo zimafufuma, kudontha kumasiya kapena kumauma pompo. Zobiriwira kapena zoyera zoundana pa nati, kaya dzimbiri kunsi kwa radiator, zimenezo zikuuzani kuti pakhala pakuchucha kwa nthawi.

Zonsezi zikakhala zouma ndi pomwe timapanga mayeso enieni aja. Madzulo thirani madzi mpaka 1.5 bar, zimitsani boyila pa switch, mudikire izizire, mujambule geji ndi foni. Kunsi kwa boyila kuli mapaipi angapo, awiri akuluakulu a 22mm, kawirikawiri amakhala mmbali wina kumanzere wina kumanja, ndi omwe amapita ndi kubwera ku ma radiator. Tsekani mavalavu awiri amenewo. Ya gasi musayikhudze chonde, ndipo ngati simukutha kusiyanitsa musaganizire, itanani pulamba adzatseke ndi iye. Mmawa onani geji musanatsegule. Ngati muvi watsika mavalavu ali chitsekere, vuto lili mu boyila. Ngati uli pomwe munausiya koma mutangotsegula wagwa nthawi yomweyo, apo nde madzi akutayikira ku mapaipi kapena ma radiator, ndipo poti ma radiator mwawaona kale, tayamba kukamba za pansi tsopano. Osayiwala kutsegula onse awiri musanayatsenso boyila. Mavalavu akalekale nawo amatha kuyamba kudontha mukawapotokola, ikani kambale pansi pake.

Olo zitatero, sindiye kuti muswe paliponse. Funso langa loyamba limakhala lakuti pansi panu ndi pa matabwa kapena pa konkire. Nyumba zambiri zakale za mizere zija za ku Leeds ndi Manchester pansi pake ndi matabwa, kunsi kuli mpata, madzi amangogwera mdothi osaonekera mmwamba. Apo ntchito ndi yophweka, timazula thabwa limodzi pafupi ndi radiator, kulowetsa foni ndi tochi ikujambula vidiyo, paipi yonyowa imawala. Ndipo ndikufunseni, mutagula nyumbayi munayala kapeti watsopano, kapena wina anakhomerera thabwa lomwe limalira? Msomali kapena sikuluu ikalowa mu paipi ya 15mm imatha kutseka yokha bowolo kwa miyezi, nkudzayamba kudontha itadyeka ndi dzimbiri. Zimenezi zimachitika kwambiri.

Pa konkire ndi pomwe pamavuta. Paipi ya kopa ikakwiriridwa mu simenti osayikulunga kanthu, simenti ija ikamanyowa imayidya pang'onopang'ono, komanso paipi ikatentha imatalika ikazizira nkubwerera, nde imakhala ikukhulana ndi konkire zaka ndi zaka mpaka kabowo. Yendani opanda nsapato heating itayaka, malo ofunda otambalala kusiyana ndi kamzere ka paipi akukayikitsa. Laminate yofufuma, skirting board yothimbirira, fungo la chuku pakona, zonsezo ndi zizindikiro, koma madzi amayenda pansi, pomwe aonekera sipomwe pabooka nthawi zonse. Nchifukwa chake pali anthu omwe ntchito yawo ndi yofufuza basi. Amabwera ndi kamera yoona kutentha, zomvetsera phokoso la madzi pansi, ndipo zikakanika amakhuthula madzi onse nkupopera mpweya wosakaniza, 5% hydrogen ndi 95% nitrogen, umene umatulukira pa bowo paja nkukwera kudutsa konkire, kachipangizo kawo nkuununkhiza. Akatero mumaswa kamalo kakang'ono mmalo mogumula balaza lonse. Za mkati mwa boyila, kutsegula chivindikiro chake, ndi za munthu wa Gas Safe yekha, kaundula wa ololedwa kugwira ntchito za gasi, muone khadi lake. Ena amatchulabe CORGI, koma imeneyo inasiya kukhala kaundula wa boma mu 2009.

Funso: Bambo, ine yanga imatsika pakatha sabata. Sindingamangothira madzi mpaka chilimwe? Komanso ndinaona mankhwala otseka mabowo mu shopu, amathandiza?

Kwa masiku ochepa podikira pulamba, thirani, ana asagone ndi chisanu. Koma mpaka chilimwe ayi achimwene, ndikukanizani ndithu. Madzi omwe ali mkatimo ali ndi mankhwala oteteza dzimbiri, monga Fernox F1 kapena Sentinel X100, nde nthawi iliyonse mukathira atsopano mukusungunula mankhwalawo komanso mukulowetsa oxygen watsopano. Ma radiator ndi achitsulo, amayamba kudyeka chamkati, mumapangika matope akuda bii omwe amakatseka pampu ndi heat exchanger. Mumayamba ndi kabowo kamodzi, pomafika chilimwe radiator ikuzizira kunsi, boyila ikulira, ndalama yake ina. Ndipo madzi mukuthirawo akupita penapake, ngati ndi pa matabwa ndiye kuti mitanda yonyamula pansi ikunyowa sabata ndi sabata, imeneyo ikaola si ntchito ya pulamba ayi.

Mankhwala aja, monga Fernox F4, amagwira pa kadontho kakang'ono kwambiri, ka mtundu woti pulesha imatsika pakatha masabata. Pa msomali kapena joini yomasuka sangathandize. Ine ndimawathira pokhapokha ngati paipi ili malo osafikika ndipo mwini nyumba wamvetsa kuti tikungogula nthawi. Ngati boyila ikadali pa warranty funsani kaye omwe anaipanga musanathire chilichonse.

Funso: Ife ndi a lendi ku Luton, landilodi akungoti tizithira madzi. Kapeti wayamba kununkha.

Mayi, imeneyo si ntchito yanu. Ku England, Landlord and Tenant Act 1985 gawo 11 limanena kuti zotenthetsera nyumba ndi madzi akonze ndi landilodi, ku Scotland nako lamulo la Repairing Standard limanena chimodzimodzi. Mulembereni uthenga kapena imelo, osangoyimba foni, mutumize zithunzi za geji ndi za kapetiyo zokhala ndi madeti. Akapanda kuchitapo kanthu pitani ku khonsolo, ku nthambi yoona za nyumba za lendi. Lendi pitirizani kulipira, mukasiya mlandu umatembenukira inu. Musazule thabwa kapena kuthira mankhwala mu nyumba ya eni, angadzakudulireni dipoziti. Ngati chinyezi chayandikira soketi, zimitsani magetsi a mbali imeneyo lero lomwe.

Funso: Kwathu kulibe geji, kuli thanki kudenga. Ndingadziwe bwanji?

Mtundu umenewu ndi woopsa mwakachetechete chifukwa kathanki kakang'ono kamu loft kamadzithira kokha madzi akachepa, boyila siidandaula, munthu utha kutha chaka paipi ikutaya. Kwerani, mupeza mathanki awiri, kakang'onoko ndi ka heating. Heating itazima ndi kuzizira, mangirirani mkono wa mpira woyandama uja mmwamba kuti madzi asalowe, lembani mzere pomwe madzi alekezera, mukaonenso mawa. Akatsika ndiye kuti pena pakudontha. Mukatha masulani chingwecho. Mu loft pondani pa mitanda yokha.

Funso: Tapeza pomwe pabooka, pansi pa konkire mu khichini. Inshuwalansi ilipira? Nanga akonza bwanji?

Imbirani a inshuwalansi musanaswe chilichonse, ichi ndi chomwe anthu ambiri amaluzira ndalama. Mu pepala lanu la buildings insurance fufuzani mawu oti trace and access, ndi gawo lomwe limalipira kufufuza, kuswa ndi kubwezeretsa pansi, mpaka pa mlingo womwe analemba. Zoonongeka ndi madzi zili pa escape of water. Kukonza paipi yeniyeniyo nthawi zambiri mumalipira nokha, ndipo akaona kuti munadziwa kalekale nkumangothira madzi atha kukana, ati zaonongeka pang'onopang'ono inu mukuonerera.

Kakonzedwe kake, timakhuthula madzi pa drain cock, kampopi kotayira madzi a heating, kudula chidutswa chodyekacho mpaka tipeze kopa wabwino mbali zonse, kuwotcherera china, kuyesa pulesha dzenje likadali lotsegula, kenako kukulunga paipi kuti isakhudzane ndi simenti. Majoini a nati aja sindiwakwirira mu konkire, ndipo pulamba akafuna kutero mufunseni bwino. Koma ndikuuzeni maganizo anga, ngati paipi yatuluka yobiriwira yodyekadyeka, mzere onsewo uli chimodzimodzi, mukonza apa chaka chamawa ibooka patsogolo. Bola kuidula mbali zonse nkuisiya momwemo, kuyendetsa yatsopano pamwamba, mmbali mwa khoma kapena kutsitsa kuchokera mchipinda chammwamba, nkuibisa ndi kabokosi. Sizikongola kwenikweni koma simudzaswanso khichini.

Ngati pansi pa laminate mwapeza matailosi akale a vinyl ndipo nyumbayo inamangidwa chisanafike chaka cha 2000, imani kaye ayezedwe, ena ali ndi asbestos, ya fumbi loopsa ku mapapo, yomwe ku UK inaletsedwa kotheratu mu 1999. Akamaliza kukonza muonetsetse kuti athira inhibitor watsopano, mankhwala oteteza dzimbiri aja, ndi kutulutsa mpweya mma radiator onse, pulesha itha kutsika pang'ono masiku oyamba chifukwa cha mpweya wotsalira, musachite mantha. Ndipo musathamangire kuyala pansi, konkire yonyowa imatenga masabata, ikani dehumidifier, ayeze chinyezi ndi mita kenako muyale.