Za sideline mwafunsa zija achemwali

Halo achemwali, ndaliona funso lanu pa gulupu, ndati ndingojambula mawu chifukwa dzuwa la kuno ku Ngabu foni ikuchita kuotcha m'manja. Ndiye mwati abwana akufunsani ngati muli ndi sideline, inu mtima myuu kuganiza kuti ntchito yatha? Ayi mtima m'malo, sakukuchotsani. Akunena iwowo ndi kageni kapambali, ngati mafilizesi ndi madzi ozizira mumagulitsa pa Nchalo mukaweruka aja. Ntchito yeniyeni ndi ija yolandira pakutha pa mwezi, zinazo ndiye sideline. Aphunzitsi ena ali ndi njinga ya kabaza anampatsa mnyamata, ena amapikula makakana ku Bangula kukagulitsa ku Blantyre, ndi zomwezo basi.

Koma sindikukusekani ayi, liwu limeneli limalumanso. Kwawo kwenikweni ndi kumpira, mzere wautali wa m'mbali mwa bwalo uja, momwe amathamanga alayinzimani ndi kambendera kawo, mpira ukadutsa pamenepo watuluka amaponya ndi manja. Angelezi amakonda kuti touchline, sideline amatchula kwambiri a ku America. Ndiye amene ali kunja kwa mzerewo sakusewera, akungoonerera. Mukamva pa wailesi kuti wosewera wakuti ali sidelined ndiye kuti wavulala kapena kochi wamusiya pa benchi, mumve ka d kakumapetoko. Anthu anangolitenga nkupita nalo m'maofesi ndi m'ndale momwe.

Mukukumbuka ine mu komiti ya mjigo ija? Sanandichotsetu, dzina linalipo ndithu kuti msungichuma, koma misonkhano amaitanana okhaokha, ine kumangomva kwa ana kuti dzulo anakumana pansi pa mtondo, buku la ndalama lili kwa wina, mjigo ukafa ndiye mpamene akundikumbuka kuti anthu adzandifunse ine. Kumeneko ndiye kukhala sidelined, ulipo koma ngati kulibe. Mpaka pano ndikaganiza zimandinyansa, koma tizisiye.

Ina mumaimva pa nyuzi, on the sidelines. Atsogoleri akapita ku msonkhano wa United Nations ku New York mu September, kapena wa SADC uja unachitikira ku Lilongwe mu 2021, awiri amapatuka nkukakambirana zawo, ngati mmene amachitira amalume pamaliro, kumukokera munthu kuseri kwa khola kukamba za ng'ombe mwambo uli mkati. Pamenepo palibe wakankhidwa.

Chomwe mungachenjere nacho nchakuti mabwana ena amafunsa chonchi pofuna kudziwa ngati geniyo ikudya nthawi ya ntchito, ndiye mawa mungowauza kuti mumayamba mukaweruka, masana amagulitsa ndi mwana uja akachoka kusukulu. Mwinanso angofuna kuoda madzi ozizira, kutentha kwake kumeneku. Nanga inu munawayankha chani? Batire yatsala pang'ono, magetsi kuno azima chimamawa.