Funsani Anamwino: Ndimvere ndani pa mphumu ya mwana wanga?

Anamwino, mwana wanga wazaka 7 ali ndi mphumu. Chiperoni chikangoyamba kuno ku Thyolo, usiku pachifuwa pake pamalira ngati kamwana ka mphaka. Kuchipatala anatipatsa inhela yabuluu, koma apongozi akuti akaizolowera sadzaisiyanso. Pagulu lathu la WhatsApp winanso watumiza uthenga woti uchi ndi adyo zimachiza mphumu kotheratu. Ndimvere ndani?
Mayi wa ku Thyolo

Mayi, uthenga uliwonse wokhala ndi mawu oti "kotheratu" ine ndimaukayikira pomwepo. Mphumu ilibe mankhwala oithetseratu, koma imagonja ikasamalidwa, mwana n'kumasewera mpira ngati anzake. Muzidzifunsa kuti walemba ndani, nanga kumapeto kwa uthengawo kulibe nambala ya foni yogulitsira botolo? Ambiri amakhala nayo.

Apongoziwo auzeni mwaulemu kuti inhela si fodya, sikola munthu. Yabuluuyo ndi salbutamol, imatsegula timachubu ta mpweya tikafinyika. Mukaona kuti mwana akuifuna pafupipafupi, kapena akudzuka usiku akubanika, vuto si inhelayo. Ndiye kuti mphumu siinagonje. Bwererani kuchipatala mukafunse za inhela yoteteza, monga beclomethasone, yopopera tsiku lililonse ngakhale mwana ali bwino. Mukawapemphenso akuonetseni kupopera kudzera mu spacer, kachipangizo kokhala pakati pa inhela ndi pakamwa pa mwana, kothandiza kuti mankhwala afike bwino m'mapapo. Ofufuza a ku Cape Town anapeza kuti botolo lapulasitiki la 500 ml, lobooledwa kunsi kuti inhela ilowe, limagwira bwino ntchitoyi.

Ngati muli ndi bandulo, werengani tsamba la World Health Organization (WHO), bungwe loona za umoyo padziko lonse, kapena la GINA, bungwe loona za mphumu lomwe linayamba mu 1993. WHO imati mu 2019 anthu pafupifupi 262 miliyoni padziko anali ndi mphumu. Koma masambawa sadziwa khitchini yanu.

Ndiye gulani kakope kasukulu. Tsiku lomwe mwana wabanika, lembani zimene zinachitika. Kodi munalowetsa mbaula m'nyumba chifukwa cha kuzizira? Munayatsa koyilo ya udzudzu? Anasesa pabwalo ndi iyeyo? Nkhuku zimagona m'nyumba momwemo? Bambo ake amasutira pakhonde? Kawirikawiri timanamizira chiperoni, chonsecho wolakwa ndi utsi wa makala m'chipinda chotseka mazenera, komanso bulangete lomwe lagona m'sutikesi chaka chonse likusonkhanitsa fumbi ndi nkhungu. Lichapeni, liume padzuwa lisanafike pabedi. Cha mu Ogasiti ndi Seputembala muonjezepo fumbi ndi utsi wa tchire la osaka mbewa. Kakopeko muzipita nako kuchipatala.

Uchi mupatseni ngati amaukonda, koma mwana akamalephera kumaliza chiganizo, nthiti zikulowa m'kati, kapena milomo yasintha mtundu, musatsegule WhatsApp. Mpopereni inhela yabuluu, nyamukani kupita kuchipatala, ngakhale ili 2 koloko usiku.